Timipira ta m'Tiyi

Tidayambira limodzi, Etinala,
m'mizere ya tiyi kuseri kwa kalabu ya Mulanje,
mawondo m'matope, chiperoni kumsana,
kusaka timipira tosokera ta mabwana.
Ine ndinkawerenga makobidi.
Iwe unkasiyako kamodzi, kong'aluka,
n'kukabisa m'nsalu ngati dzira lakuba.

Ndodo yako yoyamba idali nthambi ya bulugamu
yokhota kunsonga.
Udaswa nayo botolo la parafini la mayi,
wokwapulidwa n'kukhala ine.
Ndidakukhululukira tsiku lija
a Mukhova, onyamula zikwama za gofu,
adaima chilili kukuonera ukumenya
mpaka ndudu kuwatentha mlomo.

"Mwanayu chiuno ali nacho," adatero.
Amayi a pampopi adamva zina.
Zaka zitatu adakuimba:
uja wa buluku, uja wotsata azungu,
adzakwatiwa ndi mbendera.

Udanyamuka pa Chitakale ndi ndodo zobwereka
ndi nsapato zachimuna zotsendera mapepala kutsogolo.
Ku Lusaka udathera pa nambala fote.
Ku Nairobi sudafike tsiku lachitatu;
udandiimbira uli m'bafa, mpopi wotsegula
kuti mnzako wa m'chipinda asamve mphuno zako.
Ine ndidali pamzere wa sikelo, dengu kumsana,
kapitawo akundidula makilo awiri a mame.
"Kampira kakana," udati.
"Kunonso masamba akana," ndidayankha.
Tidaseka mpaka mayunitsi kutha.

Anthu amadziwa chithunzi chimodzi chokha,
chija uli m'mwamba manja, mano onse panja.
Sadziwa za mabanzi a m'madepoti,
za malaya amodzi ochapa usiku
n'kuvala m'mawa khosi likadali lonyowa,
za ngongole ya wokunyamulira ndodo
yemwe ankadya ngakhale iwe usanadye.

Chaka chachisanu ndi chinayi, ku Joni,
pa dzenje lomaliza,
kampira kadazungulira pakamwa pake
ngati nkhuku yokayika kulowa m'khola,
kenaka gwa!
Tidazimva patapita masiku awiri.
Udabwera ndi malata makumi awiri a mayi,
ndipo ine udandipatsa, wosaseka n'komwe,
botolo la parafini.

Kupambana kudali komweko.
Pambuyo pake wachitatu, wachisanu ndi chimodzi,
kenaka manambala amene sunkatiuzanso.
Akampani adachotsa dzina lawo pachipewa chako
kudzera m'kalata ya mizere inayi.
Dzanja lidayamba kulira pamfundo,
dokotala n'kulibaya, n'kulibayanso,
pamene ana obadwa iwe utakwera kale ndege
ankaponya kampira kupitirira kako
n'kumakutcha anti.

Sudatsanzike kwa aliyense.
Udangotsika minibasi Lachiwiri lina,
chikwama chachitali paphewa,
n'kufunsa ngati kalongonda wapsa.

Lero Loweruka, phiri ladzifunditsa mtambo,
Sapitwa sakufuna alendo.
Uli pabwalo ndi atsikana asanu ndi mmodzi,
wachinayi ndi Sigele wanga,
amene ndidalumbira kuti sadzagwira ndodo.
Ukumuwongola mapewa:
"Usayang'ane komwe kakupita.
Yang'ana pomwe kali."
Mawu amenewo ndikadawamva ndili mtsikana
mwina bambo ake sindikadawatsatira ku Limbuli.

Madzulo tiyerekeza manja pakhonde.
Anga akuda nsonga ndi utomoni wa tiyi.
Ako, lamanzere lidayera ndi gulovu,
lamanja lili ndi zikang'a ngati la wolima.
Onse sakunga bwino m'mawa kukazizira.

Pali china sindinakuuze.
Dzulo m'mzere wachitatu kuchokera kumsewu
ndidapeza kampira, katsopano, kopanda chipsera.
Sindinakagulitse.
Kutada ndidakaika pachulu kuseri kwa bafa,
n'kutenga mpini wa khasu.
Koyamba ndidamenya mphepo.
Kachiwiri ndidakumba dothi, galu n'kuthawa.
Kachitatu, Etinala,
kadalira kamodzi, tswa,
n'kunyamuka kulowera kwa a Mukhova,
ndipo mpaka pano sindinamve kugwa kwake.